Miphika Yopita ku Mpima

Katete, 2 Juni 2025

Evaristo mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli moyo, popeza uthenga wa maliro sunatipeze. Ife kuno tadzuka, kupatula mwendo wangawu umene uli m'chikhakha. Ndinagwa pa njinga yonyamula anthu pobwera ku msika, ndipo adokotala akuti ndisakwere basi mpaka Ogasiti.

Ndakulembera pa pepala chifukwa pa foni umandidula pakamwa. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi.

Nkhani ndi ya Tionge. Ukudziwa kuti mwana wangayu akumaliza ku yunivesite ya Mulungushi chaka chino, ndiponso kuti mnyamata wake wa Chibemba uja, Chongo, anabweretsa kale mawu. Tsopano akwawo akufuna chilanga mulilo pa 19 Julayi, kwa makolo ake ku Mpima, ku Kabwe konko. Ngati unaiwala, akuchikazi amaphika zakudya zonse za kwawo, amakulunga miphika m'zitenje, nkuisenza ndi ng'oma kupita kwa mkamwini kuti aone zimene azidya m'banja mwathu. Ndi mwambo wa Abemba, koma masiku ano aliyense akuuchita, ndipo mwana wanga sakhala wosekedwa.

Ine sindingabwere. Malume wake ndiwe, ndipo ku Kabwe watsala wekha. Pita kwa amake Fortunate ndi amayi a ku tchalitchi ku Ngungu, akwathu kummawa aja amene amuna awo ankagwira ku njanji ndi malemu atate. Uwapemphe mwaulemu atiphikire. Mwaulemu, Evaristo. Akakana, iweyo moyo wako wonse umadya m'malesitilanti, mphika sunaugulepo, ndiye sungalephere kudziwa amene amaphika bwino m'tauni monsemo. Yunivesite unaisiyira panjira. Ichi chokha usachisiyire panjira.

Yankha msanga.

Mlongo wako,
Sellina

Ngungu, Kabwe, 14 Juni 2025

Alongo,

Moni. Pepani ndi mwendo. Nanga njingayo inapulumuka?

Za yunivesite ndawerenga. Zikomo pondikumbutsa, ndikanaiwala.

Kwa amake Fortunate ndinapita. Sanaiwale zimene ndinanena pa maliro a a Godwin, zoti nyemba zawo akanazipereka ku njanji azithira pansi pa zitsulo m'malo mwa miyala. Ndinanena zoona, ndipo dzino limene linathyoka tsiku lija ndi langa. Akuti kusenza adzasenza, kuyimba adzayimba, miphika atibwereka, chifukwa cha Tionge ndi malemu atate. Koma chinthu chimene chingadutse pa lilime langa sadzaphikanso mpaka Yesu abwere.

Choncho ndinayamba kuyendera Kabwe ndi mimba yanga.

Ndinayambira kumene amadya ana a sukulu. Alongo, dziko lino lidzalamulidwa ndi anthu oleredwa ndi tchipisi. Tchipisi mmawa, tchipisi masana, madzulo tchipisi yemweyo atamuthira dzira kuti aoneke mlendo. Mafuta ake ndi akuda ngati a injini, ndipo ndikukayika ngati anawasinthapo chitsekereni mgodi. Palinso chinthu chotchedwa shawama: nkhuku yodulidwadulidwa, kabichi ndi mayonezi, zokulungidwa m'chinthu chonga thaulo. Anawo amayamba achijambula kaye ndi foni, nkuchidya chitazizira. Amenewa ndiwo adzavale mikanjo ya digiri.

Pa msewu waukulu, pamene amaima madalaivala a mathiraki, pali Mtanzania wophika pilawu. Mpunga wake ndi wabwino, ndinabwererako kuti nditsimikize. Koma tikasenza pilawu kupita ku Mpima adzati Tionge kwawo ndi ku Mbeya. Pali mayi wa ku Congo amene amaphika chigwada ndi mafuta ofiira, chokoma zedi, koma tsabola wake anandiyendetsa m'tauni ndikulira ngati wofedwa, mpaka mayi wina anandigwira dzanja kundipepesa. Kwa Mtchaina sindinalowe. Mitengo yake anaimata pa khomo, ndinawerenga, ndinapatsa moni mlonda, ndinapitirira. Malo ena ali ndi chikwangwani chachikulu chakuti amaphika zamakolo. Ndinapezamo nkhuku ya chizungu yophikidwa dzana, yotenthetsedwa dzulo, ikudikira kuukitsidwa lero.

Kenako wosoka nsapato wina anandilozera kuseri kwa siteshoni ya sitima. Palibe chikwangwani. Pali malata, mabenchi, ndi mzere wa anthu ovala mataye amene amanamizira kuti akungodutsa. Mwini wake ndi Mbemba, amamutchula kuti bana Yande, ndiye kuti amake Yande. Wamasiye, wamtali, saseka ndi makasitomala.

Ine mukundidziwa, sinditama munthu. Koma nkhwani wake wotendera, umene iwo amati ifisashi, ndinaudya nditatseka maso. Nkhuku yake ndi ya kumudzi, yoti inathamangapo pa moyo wake. Chikanda chake, chija cha mizu ndi nsinjiro, ndi chofewa koma cholimba, sichinyenyeka ukachigwira. Ndinamuuza kuti mchere wachepa, pongomuyesa. Anandilanda mbale. Anandibwezera nditapepesa. Chimwalirireni amayi palibe munthu anandipepesetsapo. Tsopano ndimadya komweko tsiku lililonse, ndipo dzulo anandiwonjezera chiwindi ndisanapemphe.

Ndaganiza kuti atiphikire ndi iyeyu.

Evaristo

Katete, 25 Juni 2025

Evaristo,

Moni. Njinga ili bwino, zikomo, ndipo Mulungu akukuona.

Kalata yako inagonera ku Lusaka, yafika ikununkha dizilo. Poyamba ndinakwiya. Chilanga mulilo chogula ku lesitilanti? Ndinati mlongo wanga wapenga tsopano. Kenako ndinawerenganso pa bana Yande paja, ndipo ndinamvetsa.

Zaka zonsezi sunalembepo zabwino za munthu, ngakhale za Papa. Lero mkazi wakulanda mbale, iwe wapepesa. Wakuwonjezera chiwindi. Ine ndine mkazi, tanthauzo la chiwindi ndikulidziwa. Bwanji osangonena kuti wapeza munthu? Ndinalira mpaka alamu ako anaganiza kuti mwendo wayambanso.

Ndiye nkhawa yanga yatha. Ngati ndi wako ndi wathu, ndipo moto wake ndi moto wa m'banja. Palibe anganene kuti tagula. Zoti ndi Mbemba ndapirira. Tionge wayamba kale kutibweretsera odya anyani, mmodzi wina satiwonjezera tchimo. Usaope, ndangouza anthu ochepa: a mphakati, a kwaya ndi amayi a pa chigayo. Tayamba kukupempherera novena kuti asasinthe maganizo.

Ndatumiza katoni. Muli nsinjiro, nyemba, ufa woyera, ndi mbewa zouma zimene alamu ako anakumba okha. Mbewazo ziyende nawo pa mutu. Mkamwini aone zonse zimene timadya, chifukwa akadzabwera kuno sitidzabisa mbale pansi pa bedi.

Upereke moni kwa alamu anga atsopano. Umete ndevu.

Sellina

Mulungushi, 4 Julayi 2025

Amalume,

Muli bwanji? Ndabwera osakupezani, foni simuyankha, ndiye ndasiya kapepalaka pansi pa chitseko.

Ndili ndi mantha. Chongo ali ndi azakhali ake, Anti Prudence, alongo a atate ake. Sindinakumanepo nawo, koma ndi amene amalangiza atsikana a ukwati kwawoko, ndipo ndi amene adzalawe mphika uliwonse. Anauza Chongo kuti atsikana a pa yunivesite amaoda chilanga mulilo ku lesitilanti ngati keke, ndipo iwo akadzangomva fungo la zogula, miphika idzabwerera yodzaza, masana, anthu akuona. Anachitapo kale kwa chibwenzi cha msuweni wa Chongo, ndipo ukwati uja unathera pomwepo. Atate a Chongo satsutsana ndi alongo awo pa chilichonse.

Amayi akuti ndisade nkhawa, wophika ndi chibwenzi chanu. Amalume! Inu? Ndamuuza Chongo ndipo wasangalala. Wawauza kale antiwo kuti zophika zonse ndi za m'banja.

Chachiwiri, mbewa zija chonde zisapite. Kudzakhala anzathu a m'kalasi ndi mafoni awo. Ndikupempha nditagwada.

Mwana wanu,
Tionge

Ngungu, 11 Julayi 2025

Alongo,

Moni. Novenayo muipereke kwa ena ovutika. Za chibwenzizo mwalemba nokha, mwawerenga nokha, mwakhulupirira nokha. Munthu wa msinkhu wanga sayankha zoterozo pa pepala lodutsa m'manja mwa kondakitala.

Zonse zakonzeka. Bana Yande sindinamuuze kuti ndi chilanga mulilo. Mbemba ukamuuza chinsinsi mmawa, masana chafika ku Kapiri. Ndamuuza kuti ndi phwando la ansembe ku Mpima, akulandira alendo. Wavomera, akuti nawonso adyeko bwino kamodzi. Adzaphika mbandakucha m'miphika ya amake Fortunate, ine ndidzatenga pa takisi. Nshima yokha adzaphika Tionge. Bana Yande sangaperekeze, akuti Loweruka lomwelo ali ndi zochitika kwa abale ake. Pamenepo zatiyendera.

Tionge wandilembera za zakhali wina wotchedwa Prudence, wonunkhiza miphika ngati galu wa apolisi. Abwere. Ndikufuna ndione mphuno imene idzapeze cholakwa pa chikanda chimenechi.

Katoni yafika itabooledwa pakona. Wina panjira analawa nsinjiro koma mbewa sanazikhudze, ndiye wakubayo ndi Mbemba. Tionge akuti zisapite. Zipita. Ndidzaziwamba ndekha pa mbaula ya aneba.

Ndevu sindimeta.

Evaristo

Katete, 21 Julayi 2025

Evaristo,

Loweruka ladutsa. Foni yako ndi yozima, ya Tionge ikungoitana. Amake Fortunate ndinawaimbira, anangoseka nkudula. Miphika yalandiridwa kapena yabwerera? Ndikapanda kumva, ndikwera basi ndi chikhakha changachi, ndipo ndidzakumenya nacho.

Sellina

Ngungu, 22 Julayi 2025

Alongo,

Khalani pansi, mwendowo muutambasule.

Tinafika ku Mpima masana, ng'oma zikulira, amayi atasenza. Tionge anatsala kwa amake Fortunate monga mwa mwambo. Ine sanandilole kulowa, choncho ndinaima pa windo ndi woyendetsa takisi. Pabalaza Chongo anakhala pa mpando, pambali pake mayi wamtali wa duku lofiira atandifulatira. Amayi athu anagwada, namasula zitenje ndi mano monga amachitira. Atavundukula mphika woyamba, wa chikanda, mayi uja anatembenuka kuti aone bwino.

Alongo, Anti Prudence ndi bana Yande. Yande ndi mwana wake woyamba. M'banja ndi Prudence, kuseri kwa siteshoni ndi bana Yande, ndipo m'Kabwe monse palibe anaganiza zondiuza.

Anayang'ana chikanda. Anayang'ana mphika umene anaudzaza yekha mmawa womwewo. Kenako anakweza maso pa windo. Ndinayesa kubisala kumbuyo kwa wa takisi, koma ndi munthu wamfupi.

Chongo, mwana wabwino koma wopusa, anati mokweza, "Anti, zonsezi aphika ndi chibwenzi cha amalume ake a Tionge."

"Chibwenzi," anatero mayiyo. "Cha uyo ali pa windoyo?"

"Eya, anti. Akuti amakondana kwambiri."

"Ehe. Nanga ansembe adya chiyani lero?"

Palibe anamva chimene akunena, kupatula ine.

Aliyense ankadziwa kuti mayiyo akati tsekani, amayi athu asenzanso miphika kudutsa mu Mpima ng'oma zili m'khwapa. Anatenga kachidutswa, analawa, anatafuna nthawi yaitali. Asanatsegule pakamwa, mlamu wake wina wa wigi yofika m'mapewa, pofuna kumukondweretsa, anatsina chikanda nati, "Awe, ba Prudence, ichi soda wachuluka. Akummawa chikanda achidziwira kuti? Ndi nkhwaniyu, nsinjiro sizinapse."

Ndinaona khosi la bana Yande likutupa.

"Soda wachuluka pati?"

"Apa, kumapeto kwa lilime."

"Lilime lanulo lakalamba. Ichi ndiye chikanda. Chija munaphika inu pa Khirisimasi tinatsamiritsa chitseko."

"Koma nkhwaniyu, mukwai..."

"Nkhwaniyu waphikidwa ndi munthu amene anadzuka inu mukuliza mkonono, amene anasinja yekha mu mtondo, osati pa makina. Wina aliyense wofuna kunena nkhwaniyu atuluke tikaonane panja."

Sanatuluke munthu. Wa wigi uja anayesanso pa nkhuku, akuti yalimba. Anauzidwa kuti nkhuku ilibe mlandu ndi mano ake ogula. Mayi amene anabwera kudzabweza miphika anaiteteza umodzi umodzi ngati loya wolipidwa. Abale ake anangoyang'anana, sanamuonepo akutama mphika wa munthu. Amake Fortunate analuluta osadziwa chimene akululutira.

Pomalizira anavundukula kambale kanga. Mbewa zili pa mzere, michira mbali imodzi. Mukudziwa chimbuya chathu ndi Abemba, ife kuwanena za anyani, iwo kutinena za mbewa, popanda wokwiya. Kunali phokoso. Mayi wina anakwera pa mpando, wina anafuula kuti aitane mphaka adzalandire mkwatibwi wake. Ana a sukulu mafoni m'mwamba. Bana Yande ananyamula imodzi kumchira nati, "Ichi chokha ndikutsimikiza kuti chachokera kwawo." Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Anaipereka kwa Chongo. Mnyamatayo anatseka maso, anatafuna, anameza, kenako anatambasula dzanja nkutenga ina yekha. Ameneyo ndamuvomera.

Potuluka mayiyo anandipeza pa geti. Anati, "Ba Evaristo, ansembe akupereka moni." Kenako anafunsa basi imene imanyamula makalata anu.

Chakudya chinadyedwa chonse, koma musaluluteko. Mwa mwambo wawo miphika imabwezedwa yotsuka pamodzi ndi kamphatso, ndiye kuti atilandira. Yathu bana Yande waitsekera m'chipinda. Akuti mawu ake auza mayi wa mwana, osati wabodza. Atate a Chongo akudikira mawu omwewo kuti atchule tsiku la ukwati. Tionge ndamuuza zonse. Sakundiyankhula, ndipo amake Fortunate akuti sakudya.

Mlanduwu tigawane. Ine ndinatchula ansembe, koma amene anandipezera mkazi ndinu.

Evaristo

Kabwe, 30 Julayi 2025

Kwa bana Tionge,

Mwapoleni mukwai. Ndine Prudence, zakhali wa Chongo. Ndikumva kuti ku Katete ndine wotchuka kale. Chinyanja ndinatola ku Chipata kumene malemu amuna anga ankagwira ntchito, ndiye pamene chapindika muwongole nokha. Pepani ndi mwendo.

Ndinabwezapo miphika ya anthu, ndipo iyinso ndikanaibweza osagona nayo. Koma ndikanena kuti zinali zogula, adzafunsa wogulitsa. Kabwe yense adzamva kuti Prudence anadzuka mbandakucha kuphikira mwana wa mlongo wake chilanga mulilo, nachilandira yekha, nachitama mpaka kufuna kumenya mlamu wake. Ine sindisekedwa ndi anthu a mawigi.

Komanso sindipereka Chongo kwa munthu amene sindinamuone ataima pa moto. Lachinayi ndinaitanitsa Tionge. Anabwera maso ali otupa, anagwada, sanakankhire mlandu kwa munthu, ngakhale woukankhira analipo. Ndinamupatsa nkhwani, mtondo ndi mbaula, ine ndinakhala pa benchi. Nsinjiro anathira msanga, ndipo anyezi amadula ngati akumuopa. Koma dzanja lake la mchere ndi labwino, ndipo nditamukalipira sananditchulire za digiri. Nshima ija ya Loweruka inali yake, inali yosalala, ndinaona. Azibwera kwa ine Loweruka lililonse mpaka ukwati. Chikanda ndimuphunzitsa ndekha, kuti anthu akadzamufunsa asachite manyazi.

Miphika ndabweza dzulo kwa amake Fortunate, yotsuka, pamodzi ndi tambala wamoyo ndi chitenje chanu. Mlongo wanga ndamuuza atchule tsiku. Ndinu asewele athu tsopano, ndi mbewa zanu zomwe.

Chatsala chinthu chimodzi. Anthu anu akadzabwera ku ukwati adzafunsa kuti bana Yande wa Evaristo ndi uti, ndipo kuno aliyense adzaloza ine. Pamenepo zonse zidzavundukuka, ndipo wolira adzakhala mwana wanu. Ndiye muyambe lero. Kulikonse kumene munalengeza, mukalengezenso kuti chibwenzi chija chinatha, dzinalo lisatchulidwenso chifukwa mlongo wanu ali pa chisoni.

Simudzakhala mukunama. Ndinamukana Lolemba, pamaso pa makasitomala, ngakhale sanandifunsirepo. Anakwiya ngati anafunsira. Anagubuduza benchi, analumbira kuti sadzapondanso pakhomo panga. Pamene ndikulemba pano wakhala pa benchi lomwelo, wandifulatira, akudikira mbale yake.

Ine asewele anu,
Prudence, bana Yande